Ndere, mboni ya pamene nyanja inkalekezera

Mu Epulo 2024 madzi a nyanja ya Malawi anakwera mpaka kupitirira mamita 476 pamwamba pa mlingo wa nyanja zamchere, msinkhu umene unali usanaoneke kwa zaka zambiri. Ku Nkhotakota, monganso ku Salima ndi ku Mangochi, madzi anameza mchenga umene asodzi amakokerapo mabwato, analowa m'malo ogona alendo, ndipo mitengo imene inkapereka mthunzi pagombe inaima tsinde lili m'madzi. Ambiri ankati nyanja yalanda malo a anthu. Amvulazakale ankangoyankha kuti madzi saiwala khwawa, popeza iwo anaona ndi maso mu 1980 madzi atafika pa mamita 477.

Ngati madzi saiwala, nanga ndani akukumbukira pamene ankalekezera kalelo? Zolembedwa za mlingo wa nyanjayi zinayamba mu 1896. Zaka pafupifupi 130 n'zambiri kwa munthu, koma kwa nyanja imene yakhalapo zaka mamiliyoni angapo ndi dzulodzuloli. Pofuna kudziwa za kale kuposa apo, asayansi amafunsa mboni imene anthu ambiri saiwerengera n'komwe, chinthu choterera chija chimagwetsa amayi pamwala wochapira: ndere.

Funso lenileni n'lotani

Wofufuza mlingo wa madzi akale amafuna chizindikiro chimene chingamuuze kuti pa nthawi yakutiyakuti madzi ankafika apa. Sichilichonse chopezeka pagombe chimene chingagwire ntchitoyi. Bango limamera m'mphepete mwenimweni mwa madzi, koma likafa limaola, osasiya kanthu. Zigoba za nkhono siziola msanga, koma mafunde amazitenga n'kukaziponya kutali ndi kumene nkhonozo zinkakhala. Chizindikiro chabwino ndi chamoyo chimene chimamera pa msinkhu umodzi wokha poyerekeza ndi madzi, chimasiya zotsalira zolimba pamalo pomwepo, ndipo zotsalirazo n'zotheka kuziwerenga zaka. Mitundu ina ya ndere ili ndi zonsezi.

Nyanja zamchere ndi nyanja ya Malawi sizikwera pa chifukwa chimodzi. Zamchere zimatsika madzi ambiri akaundana kumpoto ndi kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi, n'kukweranso akasungunuka. Zimakweranso zikafunda, chifukwa madzi ofunda amafufuma. Zaka pafupifupi 20,000 zapitazo zinali zotsika ndi mamita oposa 120, ndipo pakati pa 1901 ndi 2018 zinakwera ndi masentimita pafupifupi 20. Nyanja ya Malawi ili pamtunda, pa mamita pafupifupi 474, choncho madzi amchere akukwera ku Beira sadzafika ku dziwe la Chia ku Nkhotakota. Iyo imamvera mvula ndi dzuwa. Komabe njira yowerengera mbiri ya zonse ziwiri ndi yapachibale, ndipo inakhwimira kunyanja yamchere.

Khonde lomangidwa ndi ndere

M'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, pa matanthwe otsetsereka a kummwera kwa France, chilumba cha Corsica, Italy ndi Croatia, mumamera ndere yotchedwa Lithophyllum byssoides. Wozolowera ndere zobiriwira za pa miyala ya Mbenji sangaizindikire kuti ndi ndere. Ndi yolimba gwa, yofiirira motuwa, yokakala ngati chipere cha pathanthwe. Imatenga laimu m'madzi n'kumumangirira m'thupi mwake, choncho ikamakula imasanduka mwala.

Ndereyi ndi yosankha malo. Imafuna kunyowetsedwa ndi mafunde kawirikawiri, koma ikamira nthawi yaitali imafa, ndipo ikauma padzuwa imafanso. Imakonda malo a mthunzi amene mafunde amamenya mwamphamvu. Chifukwa cha zimenezi imakhala pa kamzere kopyapyala, pamwamba pang'ono pa mlingo wapakati wa madzi. Nyanja ya Mediterranean imaithandiza, popeza kukwera ndi kutsika kwa madzi kwa tsiku ndi tsiku, kuja kumabwera ndi mwezi, m'malo ambiri kumangokhala masentimita makumi ochepa. Madzi akakhazikika pa msinkhu umodzi kwa zaka mazana, mibadwo ya ndere imamera pamwamba pa inzake yakufa, mpaka pathanthwe pamatuluka khonde la mwala, lina lotambalala mamita awiri, loti munthu n'kuyendapo.

Khungu lamoyo ndi lapamwamba lokha, masentimita ochepa. Mkati mwake ndi ndere zakufa zomatana ngati simenti. Madzi akakwera pang'onopang'ono, khonde lakale limamira, ndere n'kuyamba kumanga pamwamba pake. Wofufuza akadumphira m'madzi ndi nyundo ndi tchizulo amapeza zotsalira za makonde akale pansi pa lamakono. Amayeza kuti chidutswa chili pansi bwanji poyerekeza ndi ndere zamoyo za pathanthwe lomwelo, kenako amachitumiza kukawerengedwa zaka. Apa ndi pamene pagona nzeru yonse ya njirayi: chakufa chimayerekezedwa ndi chamoyo cha pamalo omwewo, chimene chimamenyedwa ndi mafunde ofanana. Pamalo abwino kuphonya kwake kumangokhala kwa masentimita pafupifupi khumi.

Amene anakhwimitsa njirayi ndi Jacques Laborel wa ku Marseille, pamodzi ndi Françoise Laborel-Deguen ndi anzawo. Mu 1994 anafalitsa zimene anapeza ku gombe la France ndi Corsica: m'zaka 4,500 nyanja inakwera ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka, poyamba mamilimita 0.4 pachaka, ndipo m'zaka 1,500 zomaliza mamilimita 0.2 okha. Pambuyo pake Sanja Faivre wa pa yunivesite ya Zagreb anachita zofanana ku Istria ndi ku chilumba cha Vis ku Croatia, n'kuonetsa kuti kukwerako sikunkayenda liwiro limodzi. Pa nyengo zozizira nyanja inkaima, pa zofunda inkafulumira, ndipo makonde aakulu ankamangidwa pa nyengo zoima zija. Kummwera kwa Mediterranean, kumene madzi ndi ofundirapo, ntchito yomweyo imagwiridwa ndi tinkhono tokhala m'timapaipi, timene timamanga makonde mothandizana ndi mtundu wina wa ndere za laimu.

Lero nyanja zamchere zikukwera kupitirira mamilimita atatu pachaka, kuchulukitsa kakhumi ndi kuposerapo liwiro limene Laborel anapeza pa zaka 1,500 zija. Ndere sizingamange mothamanga chotero. Akatswiri a ku France alemba kale za makonde amene amira n'kufa, pamwamba pake patamera zomera za m'madzi akuya.

Kuwerenga zaka, ndi pamene kumasokoneza

Zaka zimawerengedwa ndi kaboni 14, njira imene Willard Libby anatulukira kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Chamoyo chilichonse chimalowetsa kaboni m'thupi, ndipo kagawo kakang'ono ka kaboniyo n'kosakhazikika. Chamoyocho chikafa, kagawoka kamayamba kutha, theka lake m'zaka 5,730, theka la chotsalacho m'zaka zina 5,730. Woyeza akaona kuchuluka kwa kotsala amadziwa kutalika kwa nthawi chifereni. Zikadutsa zaka pafupifupi 50,000 kotsalako kamachepa kwambiri moti sikayezeka.

Vuto ndi loti madzi amasunga kaboni wakale. Nkhono ya m'nyanja yamchere imene yafa lero ikhoza kuoneka ngati inafa zaka 400 zapitazo, chifukwa inamanga chigoba chake ndi kaboni amene anakhalitsa pansi pa nyanja. Wowerenga amayenera kuchotsera zaka zimenezi, ndipo kuchuluka kwake kumasiyana malo ndi malo. Khonde la ndere lilinso ndi chinyengo chake. Ndi la mibowo, ndipo m'mibowomo mumadzalowa tizilombo ndi laimu watsopano patapita zaka mazana. Wosasamala akagaya zonse pamodzi amapeza chaka chimene si cha ndere, si cha tizilombo. N'chifukwa chake chidutswa chimayamba chadulidwa mopyapyala n'kuunikidwa ndi makina okulitsa zinthu, asanasankhe pofunika kuyeza.

Pamene yasuntha ndi nthaka

Ndere imanena pamene madzi ankakhudza thanthwe. Sinena ngati anasuntha ndi madzi kapena thanthwelo. Pa 21 Julaye m'chaka cha 365, chivomerezi chachikulu chinatukula mbali ya kumadzulo kwa chilumba cha Crete ndi mamita ofika 9, doko la Phalasarna n'kutsala pouma. Zotsalira za zamoyo za m'madzi zikadali pa matanthwe kumeneko, pamwamba pa mutu wa munthu. Wosadziwa angati nyanja inaphwa, pamene chinakwera ndi chilumba. Kumpoto kwa Sweden ndi Finland nthaka ikukwerabe pafupifupi sentimita imodzi pachaka, chichokereni chimtolo cha madzi oundana chimene chinkaipsinja.

Apa ndi pamene akatswiri amagawanika kawirikawiri. Ena amadalira kwambiri zizindikiro za pagombe, ena mawerengero a pa kompyuta oyerekeza mmene nthaka imapindikira, ndipo ziwirizi sizigwirizana nthawi zonse. Chenjezoli likukhudza Malawi mwachindunji. Nyanja yathu ili mu chigwa chimene chikung'ambika. Akasupe otentha a Mawira ku Nkhotakota, chivomerezi cha ku Salima mu Malichi 1989 ndi zivomerezi za ku Karonga mu Disembala 2009 ndi umboni woti pansi sipanagone. Gombe lakale lopezeka pamtunda silingalandiridwe msangamsanga ngati umboni woti kunagwa mvula yambiri.

Kwathu kuno mboni ndi ina

Woyenda pa gombe la Nkhotakota, kuyambira pa mathiriro a Bua mpaka ku Chia, sadzapeza khonde la ndere. Lithophyllum ndi ya m'madzi amchere. Madzi a nyanja ya Malawi ali ndi laimu wochepa, gombe la kuno ndi la mchenga ndi bango, ndipo nyanja imakwera ndi kutsika pafupifupi mita imodzi chaka chilichonse, kudzaza mu Epulo ndi Meyi, kuphwa mu Novembala ndi Disembala. Pa miyala pamaoneka mzere wotuwa pamene ndere zinaumira madzi ataphwa. Msodzi amauwerenga bwino mzerewu, koma umangonena za chaka chatha kapena zaka zochepa, kenako dzuwa ndi mafunde zimaufufuta.

Nyanja zina za mu Africa zili ndi chinthu chofanana ndi khonde lija, miyala yotchedwa stromatolite. Imamangidwa ndi ndere zobiriwira mobuluwira, zimene kwenikweni ndi mabakiteriya odya kuwala kwa dzuwa. Zikamayamwa mpweya wa kaboni m'madzi, laimu amagwera pa izo, timchenga n'kumatirira pa thupi lake lonanda. Kuti zisakwiririke zimakwera pamwamba n'kuyala mphasa ina. Mwala wotere ukaudula pakati umaoneka ngati kabichi. Ku nyanja za Natron ndi Magadi, m'malire a Tanzania ndi Kenya, miyalayi yazungulira chigwa mamita makumi angapo pamwamba pa madzi a lero, kusonyeza kuti kale panali nyanja imodzi yaikulu. Ku Tanganyika, Andrew Cohen ndi anzake anaigwiritsa ntchito mu 1997 kuonetsa kuti m'zaka 2,800 nyanjayo yakhala ikusewera pafupi ndi mlingo wa potulukira pake, mtsinje wa Lukuga, nthawi zina n'kutuluka, nthawi zina n'kutsekeka. Ku Malawi miyala ya mtunduwu imapezeka m'nthaka yakale ya Chiwondo ku Karonga, komwe ku Uraha kunapezeka nsagwada ya munthu wamakedzana mu 1991. Koma stromatolite imamera paliponse pamene kuwala kukufika, ndipo m'madzi oyera kuwala kumatsika mamita makumi angapo. Imayeza ndi mamita, osati masentimita.

Mboni yaikulu ya nyanja ya Malawi ndi ndere yosaoneka ndi maso, yotchedwa dayatomu. Ndi kamoyo ka selo imodzi, ndipo tambiri tingandandalikane pa milimita imodzi. Kamadzimangira chigoba cha galasi cha zigawo ziwiri, chimodzi chovundikira chinzake ngati mbale ndi chivundikiro chake. Mtundu uliwonse uli ndi timibowo ndi timizere takezake, moti katswiri amauzindikira ngakhale patapita zaka 100,000. Tikafa, tizigobati timamira n'kuunjikana m'matope.

Mitundu ya dayatomu ili ndi makhalidwe osiyana. Ina imayandama pakati pa nyanja. Mwa iyo muli Aulacoseira, imene ili ndi chigoba cholemera ndipo imafuna mphepo yovundula madzi kuti isamire. Imachuluka nyengo ya mwera, mphepo ija imatsekereza asodzi pagombe kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala. Ina imamatirira pa miyala, pa mchenga ndi pa zomera, ndipo singakhale kumene dzuwa silifika. Ina imakonda madzi opanda mchere, ina a chidulo. Tsono ngati m'matope otengedwa pa malo amene lero ndi akuya mamita 500 mwadzaza mitundu ya pa mchenga ndi ya madzi a chidulo, ndiye kuti pa nthawiyo malowo anali osaya.

Nyanja yenyeniyo imasunga bwino umboniwu. Ndi yakuya mamita pafupifupi 700, ndipo kupitirira mamita 200 kapena 250 kutsika pansi mulibe mpweya wopuma. Mulibe nsomba kapena nyongolotsi zofukula matope. Kumpoto kwa nyanja matope amagona m'timizere tiwiritiwiri: koyera kodzaza dayatomu ka nyengo ya mwera, kakuda ka dothi la mitsinje ka nyengo ya dzinja. Pamene timizereti tasowa, matope n'kukhala osakanikirana ndiponso okhala ndi zigoba za tinyama ta pansi, ndiye kuti mpweya unkafika pansi, kutanthauza kuti madzi anali ochepa.

Ulendo wa Viphya mu 2005

Mu 2005 gulu la asayansi lotsogozedwa ndi Christopher Scholz wa pa yunivesite ya Syracuse, Thomas Johnson, Andrew Cohen ndi John King linamanga makina oboolera pa sitima yonyamula katundu ya Viphya. Linaima pakati pa nyanja, kumpoto kwa chilumba cha Likoma, pamene madzi ndi akuya mamita pafupifupi 590, n'kuboola matope mamita ena 380. Pakuya potero nangula sagwira, choncho sitimayo inkaimitsidwa pamalo amodzi ndi mainjini okankha mbali zonse. Matope ankatuluka m'mapaipi, mzati ndi mzati, apamwamba a posachedwa, apansi a zaka zoposa miliyoni imodzi.

Zimene anapeza zinadabwitsa ngakhale iwo eni. Pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa zimene zinatsitsa nyanja ndi mamita pafupifupi 600. Madzi anachepa ndi magawo 95 pa 100 alionse. Chinatsala ndi nyanja yosaya, ya mchere ndi chidulo, yozunguliridwa ndi dziko louma. Jeffery Stone, amene anawerenga dayatomu za m'matopewo, anaona mitundu ya madzi akuya ikusowa, ya m'madzi osaya ikulowa m'malo, kenako yoyamba ija ikubwerera. Pa nthawi zotero, malo amene lero pali Nkhotakota anali mtunda wouma, ndipo Likoma linali phiri lofikako ndi miyendo.

Mu 2015 Robert Lyons ndi anzake anafalitsa mbiri yonse ya zaka 1.3 miliyoni. Anawerenga maulendo 24 amene nyanja inatsika kupitirira mamita 200, ndipo pa 15 mwa amenewo inatsika kupitirira mamita 400. Nyanja yodzaza imene anthu a lero amaidziwa ndi nkhope imodzi chabe ya nyanjayi.

Kuwerenga zaka za matope akale chotero n'kovuta, chifukwa kaboni 14 safikako. Thandizo lina linachokera kutali. Mu 2013 Christine Lane anapeza m'matopewo tizidutswa ta galasi ta phulusa la phiri la Toba la ku Sumatra, limene linaphulika zaka pafupifupi 74,000 zapitazo. Phulusalo linakhala ngati chikhomo cha nthawi, ndipo linakakamiza ofufuza kukonza zaka zimene anapereka poyamba ku mbali ina ya matopewo. Zoti nyanja inatsika kwambiri palibe akutsutsa. Zaka zenizeni za chilala chilichonse ndi zimene zimakonzedwabe.

Mkangano wa mamita 121

Mkangano wotentha uli pa zaka za posachedwa. Mu 1990 Bernhart Owen, Robert Crossley, Thomas Johnson ndi anzawo analemba kuti nthawi ina pakati pa 1500 ndi 1850 nyanja inatsika ndi mamita osachepera 121. Umboni wawo unali wa mitundumitundu: matope a kummwera kwa nyanja oonetsa kuti anaumapo, kusintha kwa dayatomu, mapale a mbiya pa magombe akale, ndi mbiri ya pakamwa ya anthu a m'mbali mwa nyanja yonena za nthawi imene anthu ankayenda pouma pamene lero pali madzi.

Nkhaniyi inagwedeza akatswiri a nsomba. Mbali yaikulu ya kummwera kwa nyanja ndi yosaya kufika mamita 121. Ngati inauma, ndiye kuti zilumba za kumeneko zinali mapiri, ndipo mitundu ya nsomba za mbuna imene imapezeka pa chilumba chimodzi chokha inabadwa m'zaka 200 kapena 300. Mbuna zimadya ndere za pa miyala ndipo siziwoloka mchenga wautali, choncho kukwera ndi kutsika kwa madzi kumazipatula kapena kuzisakaniza. Nyanja imene akatswiri amaiyerekeza kuti ili ndi mitundu ya nsomba yoposa 800 ikanakhala chitsanzo cha liwiro losaneneka.

Ena sanakhutire. Sharon Nicholson, amene anasanthula zolemba za apaulendo ndi mbiri ya pakamwa, anavomereza kuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 nyanja inali yotsika, koma osati motero.  Palinso nkhani ya masamu. David Livingstone atafika panyanja mu Seputembala 1859 anapeza mtsinje wa Shire ukutuluka m'nyanjayi. Atadutsa ku Nkhotakota mu 1861 ndi 1863 anapeza doko la Jumbe, amene anakhazikika pamalopo m'zaka za m'ma 1840, ngalawa za matanga zikuwolotsa akapolo ndi minyanga kupita tsidya la kum'mawa. Ngakhale nyanja itamawonjezera mita imodzi ndi theka chaka ndi chaka osaphonya, kudzaza mamita 121 kungatenge zaka 80 za mvula yosalekeza.

Mboni nayonso ili ndi zofooka zake. Mtsinje wosefukira kapena matope ogumuka pansi pa nyanja angakokolole dayatomu za kugombe n'kukazitaya kwakuya, wowerenga n'kuganiza kuti madzi anaphwa. M'madzi a chidulo zigoba zopyapyala zimasungunuka, n'kutsala zokhuthala zokha. Kuchuluka kwa Aulacoseira kungasonyeze mphepo yamphamvu osati kusintha kwa mlingo. Mpata m'matope ungabwere ndi kuuma, komanso ndi mkokomo wa madzi a pansi. Pabwalo la mfumu mlandu sugamulidwa ndi mboni imodzi, ndipo pa mlandu uwu mboni zimene zimagwirizana zikunena za nyanja yotsika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Nambala ya 121 ndi imene yasowa oichitira umboni wokwanira.

Tanthauzo lake pa gombe la Nkhotakota

Chimene chimapangitsa nyanjayi kusinthasintha chotero ndi kapezedwe ndi katayidwe ka madzi ake. Ndi yaikulu masikweya kilomita 29,600, pamene dziko limene limaithirira madzi ndi lalikulu kuiposa katatu kokha. Madzi ambiri amene imataya, magawo anayi mwa asanu kapena kuposa, amapita kumwamba ngati nthunzi. Shire amatenga otsalawo. Zili ngati banja limene ndalama zake pafupifupi zonse zimathera pa chakudya: malipiro akatsika pang'ono, chimayamba kusowa ndi chosunga. Mvula ikachepa pang'ono kwa zaka zingapo zotsatizana, woyamba kuvutika ndi Shire.

Zimenezi zinachitikapo. Mu 1915 nyanja inatsika mpaka pafupifupi mamita 470, mchenga ndi zomera zinatseka potulukira, ndipo Shire sanalandire madzi a m'nyanja mpaka 1935. Kutsikako kunali kwa mamita ochepa chabe, kosaoneka n'komwe pa muyeso wa dayatomu za Viphya. Pa nthawiyo kunalibe Nkula, amene anayamba kupanga magetsi mu 1966, kunalibe Tedzani kapena Kapichira. Lero magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje womwewo. Mu 1997 nyanja inatsikanso kufika pafupifupi mamita 473, mita imodzi ndi theka yokha pamwamba pa mlingo umene madzi amasiya kutuluka. Damu la Kamuzu ku Liwonde, lomangidwa mu 1965, limatha kusunga kapena kutulutsa madzi pang'ono, koma silingabweretse mvula. Mu 2024 linali pakati pa moto: a m'mbali mwa nyanja ankafuna zitseko zitsegulidwe, pamene kutsegula kwambiri kukanamiza anthu ku Chikwawa ndi Nsanje.

Nkhotakota imamva kusinthaku kuposa malo ambiri chifukwa cha kapangidwe ka gombe lake. Tsidya la Mozambique mapiri amatsetserekera m'madzi, koma mbali ino pansi pamatsika pang'onopang'ono. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri sitima ya Ilala inkaima patali, apaulendo ndi katundu wawo n'kumatengedwa pa mabwato aang'ono. Pamalo pamene nthaka imatsika mita imodzi pa mamita 100 alionse, nyanja ikakwera mita imodzi imalowa kumtunda mamita 100. Kusiyana kwa 1915 ndi 1980 ndi mamita pafupifupi 7. Pa gombe lotero ndi mtunda wa mamita 700, wokwana mudzi wonse ndi minda yake ya mpunga. Womanga nyumba ya njerwa, woika pampu yothirira, wokonza doko kapena mlatho wa pa msewu wa M5 akayang'ana mlingo wa zaka khumi zokha, akuyeza ndi ndodo yaifupi kwambiri. Ngakhale zolembedwa zonse kuyambira 1896 sizinaonepo zimene matope akunena.

Dziwe la Chia, limene linatsekeredwa ndi mchenga n'kungotsala ndi kakhwawa kolumikizana ndi nyanja, ndi mtundu wa malo amene ofufuza amafuna pa mbiri ya zaka mazana ochepa. Nyanja ikakwera madzi ake amalowa m'dziwe, ikatsika dziwe limasanduka dambo, ndipo dayatomu za ziwirizi n'zosiyana. Mitumbira ya mchenga yotsalira kumtunda, imene mafunde akale anaunjika, imapereka msinkhu weniweni umene dayatomu sizingapereke. Mapale ndi makala opezeka pa mitumbirayo amapereka zaka. Umu ndi mmene Crossley anagwirira ntchito kummwera kwa nyanja m'zaka za m'ma 1980.

Wowerenga matope a zaka zaposachedwa ali ndi vuto limene akale analibe. Mvula yoyamba ikagwa, Bua ndi Dwangwa amathira m'nyanja madzi ofiira amene amaoneka patali ndi gombe, atanyamula dothi la m'minda ndi zotsalira za feteleza. Kafukufuku wa Megan Otu ndi anzake wa mu 2011 anapeza kuti kummwera kwa nyanja matope akuunjikana mofulumira kuposa kale, ndipo mitundu ya dayatomu yasintha, yokonda madzi a chonde n'kumachuluka. M'timizere ta pamwamba, kusintha kobwera ndi mlingo wa madzi kwasakanikirana ndi kobwera ndi nkhwangwa ndi khasu, ndipo katswiri amayenera kuyeza fosiforasi ndi dothi la mu mzere uliwonse asananene kuti chinasintha dayatomu n'chiti.